Kachitsulo ka pansonga: mbiri ya injini ya Wankel mpaka kufika ku Gaborone

Galimoto ya alamu anga idali ndi khalidwe lomwe poyamba tinkaliseka. M'mawa kukadali kozizira inkalira pongotembenuza kiyi. Koma ikayenda n'kutentha, munthu n'kuizimitsa pamalo omwetsera mafuta, inkakana kuliranso mpaka itapuma theka la ola. Anyamata othira petulo mumsewu wopita ku Molepolole adafika poizolowera, moti akangoiona ikukhota ankayamba kupinda mikono ya malaya kukonzekera kukankha. Idali Mazda RX-8 yofiira, yomwe alamuwo adagula ku Mogoditshane ndi ngongole ya kubanki, pamtengo womwe aliyense adati n'kutola. Mchemwali wanga yekha ndiye sankaseka nawo. Ndalama zomwe zinkapita kwa amakaniko mwezi ndi mwezi zidali zofolerera nyumba yawo kumudzi ku Dedza.

Ine ndidali ku Gaborone masabata angapo pa ntchito yomasulira, ndipo poti ndine wa mapepala pabanja pathu, adandipatsa buku la kakonzedwe ka galimotoyo kuti ndiwawerengere. Sindine makaniko. Koma m'bukumo, komanso pabwalo lina la fumbi pomwe injiniyo idaphwasulidwa, ndidakumana ndi mbiri ya zaka zoposa 60 yomwe idagwetsa kampani ina ku Germany, kutsala pang'ono kugwetsa inzake ku Japan, kenako n'kudzagogoda pakhomo la mphunzitsi wa ku Malawi yemwe akugwira ntchito ku Botswana. Mbiri yonseyo yagona pa kachitsulo kotalika masentimita 8, kochindikala mamilimita 2 okha.

Injini yopanda pisitoni

Galimoto zomwe tidazolowera zili ndi mapisitoni omwe amakwera ndi kutsika m'masilinda. Injini ya Wankel, yomwe ambiri amangoti rotary, ilibe pisitoni ngakhale imodzi. M'malo mwake muli chitsulo cha ngodya zitatu chotchedwa rotor, chooneka ngati samusa yotupa m'mbali. Rotor imazungulira m'kati mwa chigoba chomwe chibowo chake chimafanana ndi khoko la mtedza wa njere ziwiri. Nsonga zitatu za rotor zimakhudza khoma la chigobacho nthawi zonse, choncho m'katimo mumakhala zipinda zitatu zomwe zimakula ndi kuchepa rotor ikamayenda. Chipinda china chikamakoka mpweya ndi petulo, china chikupanikiza ndi kuyaka, chachitatu chikutulutsa utsi. Rotor ikazungulira kamodzi, shafti yapakati imakhala itazungulira katatu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Injiniyi ndi yaing'ono, yopepuka, ili ndi ziwalo zochepa ndipo sinjenjemera. Ya mu RX-8 ili ndi ma rotor awiri, iliyonse ya 654 cc, zonse pamodzi 1,308 cc, koma imathamangitsa galimoto ngati injini yaikulu kuwirikiza kawiri.

Vuto lili pansonga. Kuti mpweya wopanikizidwa usadumphire m'chipinda choyandikana nacho, pansonga iliyonse pali kachitsulo kotchedwa apex seal, komwe kasipuling'i kamakakankhira kukhoma. Kachitsuloka kamakwecha khoma pa liwiro lalikulu, pamoto, popanda dziwe la oyilo lokasambitsa. N'chifukwa chake injiniyi ili ndi kapampu komwe kamadontheza oyilo m'zipinda kuti azipsa limodzi ndi petulo. Rotary yodya oyilo siyodwala ayi, idapangidwa motero. Koma kachitsulo kaja kakatha kapena kubenthuka, mpweya umathawa, ndipo mphamvu yopanikiza, yomwe amakaniko amati kompuleshoni, imatsika.

Zala za ku Neckarsulm

Felix Wankel adabadwa mu 1902 ku Lahr, m'dziko la Germany. Sadapite ku yunivesite, ndipo chifukwa cha vuto la maso sadakhalepo ndi laisensi yoyendetsera galimoto moyo wake wonse. Adalowa chipani cha Nazi akadali mnyamata, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwira ntchito yopanga zotsekera mpweya za injini za ndege za nkhondo. Nkhondo itatha Afalansa adamutsekera kwa miyezi ingapo. Atatuluka adagwirizana ndi NSU, kampani ya njinga zamoto ya ku Neckarsulm, ndipo injini yake yoyamba idalira pa 1 Febuluwale 1957. Idali yovuta kwambiri, poti rotor ndi chigoba zonse zinkazungulira. Injiniya wina wa NSU, Hanns Dieter Paschke, ndiye adakonza mtundu wosavuta womwe chigoba chimakhala chiimire, womwe ndi umene uli m'galimoto mpaka lero ngakhale dzina lidatsala la Wankel.

Makampani akuluakulu adathamangira kukagula chilolezo. Mercedes-Benz, General Motors ndi Citroën onse adayesapo. NSU idatulutsa kagalimoto kotchedwa Spider mu 1964, kenako mu 1967 idatulutsa Ro 80, galimoto yokongola yomwe idasankhidwa kukhala yopambana zonse ku Ulaya m'chaka cha 1968. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Tizitsulo ta pansonga tinkatha msanga, makamaka kwa oyenda maulendo afupiafupi a m'tauni, ndipo injini zambiri zinkafa zisanakwanitse makilomita 50,000. NSU inkasintha injinizo mwaulere monga idalonjezera ogula, ndipo ndalama zidaithera. Pali nkhani yomwe imakambidwa mpaka lero yoti oyendetsa Ro 80 akakumana pamsewu ankapatsana moni poimika zala, kusonyeza kuti aliyense wasinthitsa injini kangati. Mu 1969 Volkswagen idatenga NSU n'kuiphatikiza ndi Auto Union, komwe kudachokera Audi ya masiku ano. Ro 80 yomaliza idapangidwa mu 1977, ndipo dzina la NSU pa galimoto lidathera pomwepo.

Tisunge mfundo imodzi pamenepa: ku Germany, kachitsulo katalephera, yemwe adalipira ndi wopanga galimoto.

Zikhadabo za mdyerekezi

Ku Hiroshima kudali kampani yotchedwa Toyo Kogyo, yomwe galimoto zake zinkadziwika ndi dzina loti Mazda. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 boma la Japan linkafuna kuti makampani ang'onoang'ono a galimoto aphatikizidwe ndi akuluakulu. Mtsogoleri wa kampaniyo, Tsuneji Matsuda, adaona kuti njira yopulumukira ndi kukhala ndi chinthu chomwe ena alibe, choncho mu 1961 adasainirana mgwirizano ndi NSU. Injini yoyeserera italira kwa nthawi, mainjiniya adaitsekula n'kupeza khoma la chigoba litakandikakandika ngati malata, chifukwa tizitsulo tija tinkanjenjemera pokwecha. Mikwingwirima imeneyo adaipatsa dzina loti zikhadabo za mdyerekezi.

Mu 1963 kampaniyo idakhazikitsa gulu la mainjiniya 47 lotsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto kuti lithane ndi vutoli. Adayesa zinthu zosiyanasiyana, mpaka mafupa a ng'ombe ndi a hatchi, asanapeze yankho mu kaboni wosakaniza ndi aluminiyamu. Mazda Cosmo Sport idayamba kugulitsidwa pa 30 Meyi 1967. Patangopita zaka zochepa, galimoto za Mazda za injini yotere zinkagulidwa kwambiri ku America.

Kenako kudabwera vuto la mafuta la 1973. Rotary imamwa petulo kuposa injini ya mapisitoni ya mphamvu yofanana, chifukwa chipinda chake choyakira ndi chachitali ndi chopyapyala, ndipo petulo wina amatuluka asanapse. Mitengo itakwera, ogula adathawa. General Motors idasiya ntchito yake ya rotary, Citroën idayesa kugulanso galimoto zake za GS Birotor kwa eni ake n'kuziphwanya, ndipo Mazda idapulumutsidwa ndi banki ya Sumitomo. Koma ya ku Hiroshima sidataye injiniyo. Idaiika m'galimoto zothamanga: RX-7 kuyambira 1978 mpaka 2002, ndi 787B ya ma rotor anayi yomwe idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1991, koyamba kwa kampani ya ku Japan. RX-8 idatuluka mu 2003. Mu 2010 idasiya kugulitsidwa ku Ulaya chifukwa cha malamulo a utsi, ndipo yomaliza idatuluka m'fakitale mu Juni 2012. Nayonso idadziwika ndi vuto la kutsika kwa kompuleshoni, moti ku America Mazda idatalikitsa chitsimikizo cha injiniyo kufika zaka zisanu ndi zitatu kapena mamailosi 100,000.

Chitsimikizo chimenecho chidali cha ogula a ku America. Galimoto yomwe idafika kwa alamu anga idabwera yopanda lonjezo la munthu aliyense.

Mzinda womwe udakula ndi galimoto za ena

Chaka chomwe Ro 80 ndi Cosmo Sport zinkatuluka, Botswana idali ndi chaka chimodzi chokha chodzilamulira. Pa 30 Sepitembala 1966 dzikoli lidali ndi msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 12 basi. Likulu lidali litangosamutsidwa kumene mu 1965 kuchoka ku Mafeking, tauni yomwe idali m'dziko la eni ku South Africa, kubwera ku Gaborone, mzinda womwe adaukonzera anthu 20,000. M'chaka chomwecho cha 1967 miyala ya dayamondi idapezeka ku Orapa. Mgodi wa kumeneko udatsekulidwa mu 1971, wa ku Jwaneng mu 1982, ndipo ndalama zake zidamanga misewu yomwe idayamba kufuna galimoto.

Padali nthawi yomwe Gaborone idayesa kupanga zake. Kuyambira 1993, kampani ya Motor Company of Botswana, yolumikizana ndi wamalonda wa ku Zimbabwe Billy Rautenbach, idayamba kulumikiza galimoto za Hyundai mumzindawu. Zinkabwera kuchokera ku South Korea zili pafupi kutha kale, n'kumalizidwa ku Gaborone, kenako n'kugulitsidwa ku South Africa motchipa chifukwa cha mgwirizano wa misonkho wa SACU. Kwa zaka zingapo galimoto zidakhala katundu wachiwiri wobweretsa ndalama zakunja pambuyo pa dayamondi. Opanga galimoto a ku South Africa adadandaula, malamulo adakhwimitsidwa, ndipo mu 1998 kudamangidwa fakitale yatsopano yaikulu. Koma makampani a Rautenbach adamira m'ngongole, ndipo mu 2000 fakitaleyo idatsekedwa, antchito mazanamazana n'kubwerera kwawo.

Malo omwe fakitale idasiya adadzazidwa ndi kaunjika. Ku Japan galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula, moti ambiri amagulitsa galimoto ikadali yooneka bwino. Ku Japan amayendetsa kumanzere ngati ku Botswana ndi ku Malawi, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera. South Africa salola galimoto zakale zakunja kudzagulitsidwa m'dziko mwake, pofuna kuteteza mafakitale ake, koma zimatsikira pa doko la Durban n'kudutsa ulendo wa kumayiko oyandikana nalo. Mogoditshane, mudzi womwe udalumikizana ndi Gaborone chakumadzulo, udasanduka msika wake: mipanda ya waya yondondozana, m'kati mwake galimoto zothithikana zomwe Atswana amazitcha fong kong. Wa ku Malawi sangadabwe nazo. Zathu zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo zikadwala zimathera kwa Biwi kapena ku Ndirande.

Zambiri mwa galimotozi zathandiza anthu. Mphunzitsi ndi namwino omwe sakadalota za galimoto yatsopano adayamba kuyenda pa yawo, ndipo ka Honda Fit kadyetsa mabanja ambiri a oyendetsa matakisi. Toyota ndi Honda zimakhululukira mwini wake wosadziwa. RX-8 sikhululuka. Imatchipa ku okushoni ya ku Japan chifukwa a kumeneko amadziwa zomwe zimaichitikira ikakalamba, ndipo pepala lomwe limabwera nayo limanena za makilomita, mipando ndi pomwe thupi lidakandika, osati za kompuleshoni. Sitima imanyamula chitsulo, koma chida choyezera, zida zosinthira ndi luso zimatsala kutsidya kwa nyanja.

Kuwerenga singano

Makaniko woyamba adasintha batire. Wachiwiri adasintha sitata ndi mapulagi, n'kuyeza kompuleshoni ndi geji wamba, nati injini ili bwino. Wachitatu adayeza ndi geji yomweyo, naona nambala yotsika kuposa ya m'buku, nati injini yonse yafa, alamu agule ina. Nthawi imeneyo galimoto idali itayamba kunjenjemera ikaima pa maloboti.

Wachinayi adali bambo wina wachikulire yemwe adabadwira ku Mbare ku Harare, mwana wa mtchona wa ku Mulanje. Chichewa chake chidali chosakaniza ndi Chishona, koma atamva tikulankhula adaseka n'kutipatsa moni wa kwathu. Ndidamufunsa komwe adaphunzira za rotary. Adati adaphunzira pa injini ziwiri zomwe adaziwononga yekha.

Adayamba waitenthetsa injini, nazimitsa njira ya petulo ndi ya moto, nachotsa pulagi imodzi pa rotor iliyonse. Kenako adatenga geji yonga ya anzake aja, nachotsamo kavavu kakang'ono ka kumapeto kwa paipi. Apa ndiye pagona nkhani. Kavavuko kamasunga nambala yapamwamba yomwe singano yafika. Pa injini ya mapisitoni n'zokwanira, chifukwa bowo limodzi la pulagi ndi la silinda imodzi. Koma pa rotary, mbali zitatu za rotor zimadutsa pa bowo limodzi, ndiye ngati imodzi ili yamphamvu, geji imaonetsa yomweyo n'kubisa ziwiri zodwala. Umu ndi mmene makaniko wachiwiri adapusitsikira.

"Aphunzitsi," adatero kwa alamu, "musayang'ane pomwe singano yafika. Werengani mmene ikulumphira. Inu achimwene, jambulani ndi foni yanuyo, tidzaone pang'onopang'ono."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa rotor yakutsogolo singano inkalumpha mofanana katatu konse. Pa yakumbuyo inkalumpha kamodzi mwamphamvu, kawiri mofooka, kamodzi mwamphamvu, kawiri mofooka. Madala aja adatifotokozera: kachitsulo ka pansonga kamakhala pakati pa mbali ziwiri, ndiye kakawonongeka kamagwetsa ziwiri. Ikafooka mbali imodzi yokha, wolakwa ndi kachitsulo ka m'mbali. Zikafooka zitatu zonse mofanana, ndi ukalamba chabe. Ndipo kukana kulira itatentha ndi chizindikiro chodziwika cha injini yomwe ikutaya mpweya, poti zitsulo zikatentha mipata imasintha ndipo oyilo amapyapyala.

Chotsala chidali kumvetsa chomwe makaniko wachitatu adaona. Buku la Mazda limati injini yabwino ya RX-8 ionetse 830 kPa, ndipo isatsike kupitirira 680 kPa, sitata ikamaizunguza maulendo 250 pa mphindi. Batire yofooka imachepetsa liwirolo, nambala n'kutsika nayo. Koma pali china. Nambalazo ndi za mpweya wa m'mphepete mwa nyanja, komwe Hiroshima ili. Gaborone ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, komwe mpweya umalemera 90 kPa m'malo mwa 101. Injini imapanikiza mpweya womwe yapatsidwa, ndiye ukakhala wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, nambala imatsikanso chimodzimodzi. Injini yomwe ingaonetse 750 ku Durban idzaonetsa pafupifupi 670 ku Gaborone, ndipo wowerenga buku mmene lilili adzaiweruza kuti yafa pomwe ili moyo. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wofanana ndi umenewu. Pa ntchito yanga ndimadziwa kuti mawu amatha kukhala olondola pomwe adalembedwera n'kunama pomwe akuwerengedwera. Sindinkadziwa kuti nambala nazonso zimatero.

Kuphwasula ndi kumanganso

Injini ya rotary imamangidwa mosanjikiza: chitsulo chakutsogolo, chigoba choyamba, chitsulo chapakati, chigoba chachiwiri, chitsulo chakumbuyo, zonse zomangidwa ndi mabauti ataliatali. Madala adayala makatoni pansi pa mthunzi wa malata, ndipo kachidutswa kalikonse komwe adachotsa adakaika pamalo pake n'kulembapo ndi choko. Nati ya fulayiwilo, yomwe imafuna soketi ya mamilimita 54, idawatengera amuna awiri ndi paipi yaitali.

Rotor yakumbuyo idali yokutidwa ndi mwaye wouma. Kachitsulo kamodzi kadali katabenthuka pakona, ndipo kachidutswa kake kadakanda khoma. Mu RX-8 mabowo otulutsira utsi ali m'mbali, ndiye chobenthuka chimavutika kutuluka, chimangozungulira n'kumawononga. Silinda ya injini wamba ikakandika amaikulitsa n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Chigoba cha rotary sichitheka kutero, chifukwa khoma lake lidakutidwa ndi kromu wopyapyala, ndipo akasupuka chigobacho chatha. Chakumbuyo chidayenera kugulidwa china. Chakutsogolo adachiyeza n'kupeza kuti chikhoza kubwereramo.

Mwaye uja udatiuza zambiri. Makoyilo adali atafooka kalekale, petulo wosapsa n'kumatsuka oyilo pakhoma ndi kutseka sefa ya utsi ya mu ekizozi. Ulendo wa alamu wa tsiku ndi tsiku udali wa makilomita ochepa, kuchoka kunyumba kupita kusukulu, injini n'kuzimitsidwa isanatenthe bwino. Awa ndi maulendo omwe adapha Ro 80 zaka 50 zapitazo. Palibe yemwe adawauza kuti azithira oyilo pafupipafupi, kapena kuti injiniyi imafuna kuithamangitsa nthawi zina kuti mwaye upse.

Zida zidatenga masabata kuti zifike, zina kuchokera ku Johannesburg, zina ku Japan. Kumanganso kudafuna kuyeza mpata wa kachitsulo kalikonse, kupala tizitsulo ta m'mbali kuti tikwane ndendende, ndi kuika malabala atsopano otsekera madzi. Ndalama zonse pamodzi zidatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa galimotoyo.

Yemwe amalipira

Ku Neckarsulm kachitsulo kadalipiridwa ndi kampani. Ku Hiroshima kadalipiridwa ndi mainjiniya ndi banki. Ku America kadalipiridwa ndi chitsimikizo. Ku Gaborone kadalipiridwa ndi malata a nyumba ya ku Dedza, yomwe idafoleredwa mochedwa ndi chaka chathunthu. Umu ndi mmene malonda a kaunjika amayendera: mwini woyamba amadya zaka zabwino za galimoto, mwini womaliza amalandira matenda ake, ndipo pakati pawo pamaima makaniko yemwe palibe fakitale idamuphunzitsapo.

Mu 2023 Mazda idabweretsanso rotary mu MX-30, tsopano ngati jenereta yotchaja batire. Galimoto zophatikiza petulo ndi magetsi zadzaza kale m'mipanda ya Mogoditshane ndi m'misewu ya Lilongwe, ndipo za magetsi okhaokha zikubwera m'mbuyo, zonse ndi mabatire okalamba. Madala aja ali ndi anyamata awiri omwe akuwaphunzitsa, koma za mabatire amenewo adandiuza poyera kuti sazidziwa, ndipo alibe zaka zokwanira zoti awononge awiri kuti aphunzire.

Galimoto ya alamu imalira tsopano, yozizira ngakhale yotentha. M'buti mumakhala botolo la oyilo nthawi zonse, ndipo Loweruka lililonse amaithamangitsa mumsewu wa ku Lobatse. Kachitsulo kobenthuka kaja mchemwali wanga adakatenga n'kukaika m'kabati pamodzi ndi makalata a ngongole. Akuti tsiku lomwe alamu adzatchulenso za galimoto yotchipa, sadzayankha kanthu, adzangokaika patebulo.